Pemphero la wamsonkho: kudzichepetsa pamaso pa Mulungu n'kutani?

Nkhani ya Mfarisi ndi wamsonkho, imene ili pa Luka 18:9-14, ambiri tinaimva tili ana ku Sande sukulu kapena ku kalasi ya katekisimu, ndipo tinaizolowera moti siitidzidzimutsanso. Ndi fanizo la Yesu lonena za anthu awiri amene anapita kukachisi kukapemphera. Tikangomva dzina loti Mfarisi timadziwiratu kuti woipa ndi ameneyu. Koma anthu amene ankamvetsera Yesu tsiku limenelo sakanaganiza choncho. Kwa iwo Mfarisi anali munthu woti mwana wako atengere chitsanzo, pamene wamsonkho anali munthu woti sungadye naye mbale imodzi. Kuti timvetse kupemphera modzichepetsa, tiyambe tamubwezera Mfarisiyu ulemu wake.

Tamvani zimene ananena. Sanali wolanda za anthu, sanali wosalungama, sanali wachigololo. Ankasala kudya kawiri pa sabata, pamene Chilamulo cha Mose chinaika tsiku limodzi lokha pa chaka, Tsiku la Chitetezo lofotokozedwa mu Levitiko 16. Ankapereka chakhumi cha chilichonse chimene wapeza. Yesu sananene paliponse kuti munthuyu ankanama. Akanakhala mumpingo mwathu lero tikanamusankha kukhala msungichuma popanda wotsutsa, ndipo ndalama za mpingo zikanasungika bwino ndithu.

Wamsonkho uja ntchito yake inali kutolera msonkho wa katundu m'misewu ndi pazipata, m'dziko limene linali pansi pa ulamuliro wa Aroma. Ntchitoyi inkagulidwa. Munthu ankalonjeza olamulira ndalama zakutizakuti, ndipo zimene angatolere pamwamba pake zinali zake. N'chifukwa chake amsonkho atapita kwa Yohane Mbatizi kukafunsa chochita, iye anawauza kuti asamatolere zoposa zimene anawalamula (Luka 3:13). Kubera anthu kunali m'kati mwa ntchitoyo. Tsono pamene wamsonkhoyu ankadzitchula wochimwa, sikunali kudzichepetsa kwaulemu kumene timachita tikayamikiridwa, kuja timati "aa, ife ndife yani". Ankanena zoona zimene mudzi wonse unkazidziwa.

Komabe Yesu anati amene anatsikira kwawo atayesedwa wolungama ndi wamsonkhoyo, osati mnzakeyo.

Mukawerenga pemphero la Mfarisi mofatsa, mupeza kuti mulibe pempho ngakhale limodzi. Anayamba ndi kuthokoza, koma kuthokozako kunali kudziyerekeza ndi anthu ena, makamaka munthu amene anaima chapatali uja. Anafika kukachisi kudzaonetsa zimene ali nazo, osati kudzalandira. Luka anatiuziratu anthu amene fanizoli linkawanena: odzikhulupirira okha kuti ndi olungama, n'kumanyoza ena onse. Zinthu ziwirizi sizisiyana. Munthu amene chilungamo chake wachimanga pa ntchito zake amafunika wina woti azimuderera, chifukwa ubwino wotere umaoneka pokhapokha pali woipa pafupi. Ndipo matendawa sasankha mpingo. Wa CCAP angathe kuthokoza kuti sali ngati aja ofuula usiku wonse, wa Pentekoste n'kuthokoza kuti sali ngati aja ongowerenga mapemphero m'buku, Mkatolika n'kuthokoza kuti mpingo wake sunayambe dzulodzuloli, wa Sabata n'kuthokoza kuti tsiku loona akulisunga ndi iye. Akuluakulu anati anyani sasekana zikundu.

Wamsonkho sanayang'ane munthu aliyense. Ngakhale kukweza maso kumwamba sanafune. Anadziguguda pachifuwa n'kunena mawu ochepa chabe: Mulungu, mundichitire chifundo ine wochimwa. Sanafotokoze chimene chinamulowetsa ntchito yoipayo, sanatchule ana amene akuwadyetsa, sanakumbutse Mulungu kabwino kalikonse kamene anachitapo. Kudzichepetsa kwa m'pemphero kumayambira apa: munthu kunena zoona za iye mwini pamaso pa Mulungu, wopanda chogulira.

Chifundo si malipiro

Pabwalo la mfumu pamabwera anthu amitundu iwiri. Wina amabwera ndi mboni zake kudzakana mlandu, ndipo chimene akufuna n'chakuti aweruzidwe molingana ndi zimene anachita. Wina amadziwa kuti ng'ombe zake zadyadi mmera wa mnzake, alibe chowiringula, amangogwira mwendo. Ameneyu sakupempha zomuyenera, chifukwa chomuyenera ndi chindapusa. Kupempha chifundo kwa Mulungu n'kufika ngati munthu wachiwiriyu. Danieli anapemphera momwemo ali ku ukapolo ku Babulo: tikupempha pamaso panu osati chifukwa cha chilungamo chathu koma chifukwa cha chifundo chanu chachikulu (Danieli 9:18). Ndipotu Danieli ndi mmodzi mwa anthu ochepa amene Malemba sawatchulira tchimo, koma m'pemphero lonselo amati "tachimwa", osati "achimwa".

Kusiyana kwake ndi pabwalo n'kumodzi kokha, ndipo n'kwakukulu. Wogwira mwendo pabwalo sadziwa ngati mwini munda afewe mtima. Wopemphera sabwera mongoyesa mwayi, chifukwa Mulungu ananeneratu yekha mmene alili. Pa Eksodo 34:6 anadzitchula kwa Mose kuti ndi wachifundo ndi wachisomo, wosakwiya msanga, wodzala ndi chikondi ndi choonadi. Taonani nthawi imene ananenera mawuwa: Aisraele anali atangopembedza mwana wa ng'ombe wagolide, miyala ya malamulo itasweka. Mawu omwewa amabwerezedwa mu Salimo 86, 103 ndi 145, komanso mu Yoweli 2. Yona anawadziwa bwino kwambiri moti anawasandutsa dandaulo, nati ndinathawa chifukwa ndinkadziwa kuti anthu a ku Nineve muwakhululukira.

Malo amene wamsonkho anaima nawonso ali ndi tanthauzo. M'kachisi munkaperekedwa nsembe ya ana a nkhosa awiri tsiku lililonse, wina m'mawa wina madzulo (Eksodo 29:38-39), ndipo anthu ankakonda kupemphera pa maola amenewa. Munthuyu ankapempha chifundo pamalo amene Mulungu mwini anakonza njira yochotsera tchimo. Kwa Mkhristu njira imeneyi ndi Yesu Khristu ndi mtanda wake. N'chifukwa chake kalata ya kwa Ahebri imati tiyandikire mpando wachifumu wachisomo molimba mtima kuti tilandire chifundo (Ahebri 4:16). Kulimba mtima ndi kupempha chifundo zaikidwa m'chiganizo chimodzi, ndipo sizikutsutsana.

Katekisimu wa Heidelberg, amene analembedwa mu 1563 ku Germany ndipo mipingo ya Reformed, kuphatikizapo Sinodi ya Nkhoma, imamulemekeza mpaka lero, anafotokoza zimenezi pa funso 117. Pemphero lokondweretsa Mulungu, akutero, n'loitana Mulungu woona mochokera mumtima, podziwa bwino kusowa kwathu kuti tidzichepetse, komanso tili otsimikiza kuti ngakhale ndife osayenera adzatimva chifukwa cha Khristu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992 naye amati maziko a pemphero ndi kudzichepetsa, ndipo amatengera fanizo lomweli la Mfarisi ndi wamsonkho. Pa nkhani imeneyi mipingo imene inasiyana zaka mazana asanu zapitazo imalankhula chimodzimodzi.

Zimene timazisokoneza ndi kudzichepetsa

Ife Achewa, ndi anzathu ambiri otizungulira, ulemu wa thupi timaudziwa. Mwana amagwada popereka madzi kwa akulu, mpongozi amanjuta, mlendo amaomba m'manja pang'onopang'ono asanalankhule. Ndi mwambo wabwino ndipo ndikanakonda usathe. Koma aliyense wakula m'mudzi amadziwanso kuti munthu amatha kugwada mawondo mtima uli chiimire. Malemba sanamangirire pemphero pa kaimidwe kamodzi. Solomoni anagwada, Davide anakhala pansi pamaso pa Yehova (2 Samueli 7:18), Yesu anagwa nkhope pansi m'Getsemane, Hana ankangogwedeza milomo mawu osamveka mpaka Eli anamuyesa woledzera. Wamsonkho uja anali chiimire, monganso Mfarisi. Kugwada kumathandiza, chifukwa thupi limaphunzitsa mtima, koma kugwadako sikumene Mulungu amayang'ana. Yoweli anati ng'ambani mitima, osati zovala.

Chachiwiri n'choopsa kuposa choyambachi. Alipo Akhristu, ambiri mwa iwo anthu ofatsa ndi achikumbumtima chanthete, amene amayesa kudzichepetsa ndi kudzida. Tchimo limene analilapa zaka khumi zapitazo amalilapabe usiku uliwonse. Ku mgonero sapita, amati sindine woyenera. Kunja kumaoneka ngati kudzichepetsa kwakukulu, koma ukakuyang'anitsitsa n'kukana kukhulupirira zimene Mulungu ananena. Pa 1 Yohane 1:9 akuti tikavomereza machimo athu Iye ndi wokhulupirika ndi wolungama kuti atikhululukire. Amene akunena kuti tchimo lake lakula kuposa chifundo cha Mulungu akadali kudziyang'ana yekha. Petro ndi Yudasi onse anamulakwira Yesu usiku umodzi, onse anamva chisoni. Yudasi anavomereza kuti wachimwa ndipo anabweza ngakhale ndalama, koma anapita nacho chisoni chake kwa ansembe aakulu amene anamuyankha kuti ndi zako zimenezo. Petro analira kwambiri, koma tsiku limene anamva kuti amene waima m'mbali mwa nyanja ndi Ambuye, anadziponya m'madzi kuthamangira kwa yemwe anamukanayo. Mawu a kenturiyo wa ku Kaperenao, amene Akatolika amawanena asanalandire Ukaristiya, amati sindine woyenera, koma sathera pomwepo. Amapitiriza kuti ingonenani mawu.

Pali chachitatu chimene ndimafuna azibusa ndi amayi a Mvano, a Umanyano ndi a m'miphakati azichinena mosabisa. Kudzichepetsa pamaso pa Mulungu sikutanthauza kulola kuponderezedwa ndi munthu. Mayi amene akumenyedwa kunyumba akauzidwa kuti "dzichepetseni, pempherani, pirirani" basi, mawu opatulika asanduka chingwe chomumangira. Woyenera kudziguguda pachifuwa m'nyumba imeneyo ndi womenyayo. Mayiyo akapita kwa ankhoswe, kwa akulu a mpingo kapena kupolisi sanachite mwano kwa Mulungu.

Ndipo wodzichepetsa si wamantha. Batimeyo, wakhungu wa ku Yeriko, anafuula kuti Mwana wa Davide mundichitire chifundo, anthu n'kumukalipira kuti akhale chete, iye n'kufuula koposa (Marko 10:46-52). Mayi Mkanani wa kumadera a Turo ndi Sidoni anayamba wayankhidwa ndi chete, kenako ndi mawu olimba onena za mkate wa ana ndi tiagalu. Sanakwiye n'kuchoka, sanatsutse, anangoti inde Ambuye, koma tiagalu timadya nyenyeswa, ndipo Yesu anati chikhulupiriro chake n'chachikulu. Abrahamu anadzitchula fumbi ndi phulusa, koma pakamwa pomwepo anapitiriza kuchonderera Sodomu kuchoka pa olungama 50 mpaka kufika pa 10. Anthu amenewa anakakamira chifukwa analibe kwina kopita, ndipo analibe ulemu woti auteteze.

Kulamula, kugula ndi kupempha

Masiku ano m'mapemphero ambiri, kaya pa wailesi, m'mabasi kapena kumapiri kumene anthu amakachezera usiku, mawu oti "ndikupempha" akuchepa ndipo oti "ndikulamula" ndi "ndikulengeza" akuchuluka. Sindikufuna kunyoza abale amenewa. Ambiri mwa iwo amapemphera ndi mtima wonse, ndipo amasala kudya pamene ena tikudya. Kufuula pakokha si vuto. Ahebri 5:7 amati Yesu mwini anapemphera mofuula ndi misozi. Kudzudzula mizimu yoipa m'dzina la Yesu kuli m'Malemba. Koma funso n'lakuti, akulamulidwayo ndani? Kulamula chiwanda ndi kwina, kulankhula ndi Mulungu ngati Iye ndiye wogwidwa ngongole ndi kwinanso. Pemphero likafika poti "ndasala masiku atatu, ndapereka chakhumi, ndafesa mbewu, tsono muyenera", ndiye kuti mawu a Mfarisi aja abwereranso, kungoti tsopano ali ndi pempho kumapeto.

Pa phiri la Karimeli aneneri a Baala 450 anafuula kuyambira m'mawa mpaka masana, anavina, anadzitema ndi mipeni, poganiza kuti mulungu amakakamizidwa ndi kuchuluka kwa khama. Pemphero la Eliya linali la mavesi awiri. Yesu anachenjeza za maganizo omwewa pa Mateyu 6:7, oti munthu amvedwa chifukwa cha kuchuluka kwa mawu. Ndipo Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, Petro anamuyankha kuti ndalama zake ziwonongeke naye limodzi (Machitidwe 8:20). Munthu wosauka amene wagulitsa mbuzi yake yomaliza kuti akapereke kwa munthu wa Mulungu pofuna machiritso a mwana wake wauzidwa bodza lonena za Mulungu, ndipo mlandu waukulu uli pa amene anamuuzayo.

Kusala kudya, chakhumi ndi kuchezera usiku n'zabwino zikakhala m'malo mwake. Kusala kumamukumbutsa munthu kuti ndi wofooka, kupereka kumamasula dzanja lake ku chuma. Zimasintha wopempherayo, sizigula Mulungu. Chitsanzo chachikulu ndi Getsemane. Yesu anapempha momveka bwino kuti chikho chimupitirire, anabwereza katatu, ndipo anamaliza ndi kuti kufuna kwanu kuchitike. Paulo nayenso anapempha katatu kuti minga ya m'thupi lake ichoke, n'kuyankhidwa kuti chisomo changa chikukwanira (2 Akorinto 12:9). Palibe anganene kuti awiriwa chikhulupiriro chinawachepera. Mawu oti "kufuna kwanu kuchitike" si khomo lothawira la munthu wokayika. Ndi kuvomereza kuti amene ndikumupemphayu amadziwa zimene ine sindidziwa.

Kutchula tchimo ndi dzina lake

Tili ndi kapempheredwe kathu kozolowereka: mutikhululukire machimo athu, odziwa ndi osadziwa, m'maganizo, m'mawu ndi m'zochita. Pagulu ndi pemphero loyenera. Koma munthu akakhala yekha, mawu amenewa amatha kukhala pobisalira. Venda amene masana amagula chimanga kwa alimi ndi sikelo yobera, pa thumba lililonse n'kudyapo makilogalamu atatu, akhoza kunena pemphero limeneli usiku uliwonse chaka chonse osamva kuwawa paliponse. Tsiku limene adzanene kuti "Ambuye, sikelo yanga ndinaipotoza dala, ndabera gogo uja anabwera ndi thumba pa njinga ya mdzukulu wake", pemphero lake lidzayamba kukhala ngati la wamsonkho.

Mafumu awiri oyamba a Israele amaonetsa kusiyanaku bwino. Samueli atamudzudzula Sauli, mu 1 Samueli 15, iye anayamba ndi kukana, nati ndamvera Yehova. Atapanikizidwa anakankhira anthu, nati ndi iwo anasunga nkhosa. Pomaliza anati ndachimwa, koma nthawi yomweyo anawonjezera kuti mundilemekezebe pamaso pa akulu a anthu anga. Chimene chinkamupweteka ndi manyazi. Davide anachita zoipa zoposa pamenepo: anatenga Batiseba mkazi wa Uriya, anayesa kubisa mimba, ndipo zitakanika anakonza kuti Uriya aphedwe kunkhondo, kalata ya imfa yake n'kumupatsira yekha kuti anyamule. Natani atamuuza kuti munthuyo ndinu, mfumu imene ikanatha kumupha mneneriyo inangoti ndachimwira Yehova. Panalibe "koma".

Salimo 51 ndi pemphero lochokera pa tsiku limenelo. Liyenera kuwerengedwa pang'onopang'ono. Limayamba ndi chifundo cha Mulungu, osati ndi chisoni cha Davide. Limati tchimo langa, mphulupulu zanga, osatchula wina aliyense woti agawane naye mlandu. Pamene likuti ndachimwira Inu nokha silikukana kuti Uriya ndi Batiseba analakwiridwa. Likunena kuti kulakwira munthu n'kulakwira amene anamulenga, ndipo kumeneko ndi kumene mlandu umathera. Kenako likupempha chinthu chimene Sauli sanachiganize: mundilengere mtima woyera. Wongofuna kupulumuka chilango amakhutira akamva kuti mlandu watha. Davide ankafuna kuti asakhalenso munthu woti angachite zimenezo.

Tizinenanso kuti kukhululukidwa sikunafafanize zotsatira. Natani anamuuza kuti Yehova wachotsa tchimo lako, koma anamuuzanso kuti lupanga silidzachoka m'nyumba mwake, ndipo mavuto a Amnoni ndi Abisalomu anabweradi. Wakuba wolapa angathe kukhululukidwa ndi Mulungu n'kukagwirabe ukaidi. Ndiponso pamene chobedwa chingabwezedwe, chibwezedwe. Luka yemweyo, mutu umodzi chabe pambuyo pa fanizoli, akutionetsa wamsonkho weniweni, Zakeyu wa ku Yeriko, amene atalandira Yesu m'nyumba mwake anapereka theka la chuma chake kwa osauka n'kulonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Sanagule chifundo ndi ndalamazo. Yesu anali atalowa kale m'nyumba.

N'zochititsa chidwi kuti anthu amene anayenda ndi Mulungu nthawi yaitali sanasiye pemphero limeneli ngati chinthu cha ongoyamba kumene. Augustine, bishopu wa ku Hippo, mzinda umene lero uli m'dziko la Algeria, atadwala matenda ake omaliza mu 430 anapempha kuti masalimo a kulapa alembedwe n'kupachikidwa pakhoma moyang'anana ndi bedi lake, ndipo mnzake Possidius analemba kuti ankawawerenga akulira. Anali ndi zaka 75, atakhala bishopu zaka zoposa 30. Benedict, amene malamulo ake akhala akutsogolera amonke kuchokera m'zaka za m'ma 500, analemba makwerero 12 a kudzichepetsa, ndipo pa khwerero lomaliza, pamwamba penipeni, anaikapo mawu a wamsonkho. Akhristu a mipingo ya Orthodox ali ndi pemphero lalifupi limene amalibwereza tsiku lonse: Ambuye Yesu Khristu, Mwana wa Mulungu, mundichitire chifundo ine wochimwa. Martin Luther atamwalira ku Eisleben mu 1546, anapeza kapepala kamene analemba kumapeto kwa moyo wake, kothera ndi mawu oti ndife opemphapempha, izi n'zoona. Misa imayamba ndi "Ambuye mutichitire chisoni", ndipo m'mipingo yambiri ya Chiprotestanti pemphero lovomereza machimo limabwera ulaliki usanayambe.

Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Munthu akamayandikira kwa Mulungu amayamba kudziona bwino. Yesaya anati tsoka kwa ine ataona Ambuye m'kachisi, osati asanaone. Petro anati chokani kwa ine, ndine munthu wochimwa, pamene ngalawa inali itadzaza nsomba.

Koma tisaganize kuti chifundo chimapemphedwa pa tchimo pokha. Ambiri amene anafuulira Yesu kuti mutichitire chifundo anali akhungu, akhate, ndi makolo a ana odwala, ndipo Iye sanawafunse kuti munalakwanji. Izi n'zofunika kwa ife. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, anthu mazanamazana anafa ndipo ena sanapezeke. Pa nthawi ngati imeneyi sipalephera kumveka mawu oti Mulungu akulanga. Yesu atauzidwa za Agalileya amene Pilato anawapha, anatchula yekha za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Kodi anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu? Anayankha kuti ayi (Luka 13:4-5). Anatembenuzira funsolo kwa otsalawo kuti adziyang'ane okha. Za munthu wobadwa wakhungu ananenanso kuti sanachimwe iye kapena makolo ake. Kudziika pamalo ofotokozera ofedwa chifukwa chimene Mulungu wawachitira zimenezi n'kudzikuza, ngakhale kukhale ndi mavesi. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, pamene anangokhala naye pansi osalankhula.

Wofedwayo naye sakakamizidwa kubisa kuwawa kwake kuti aoneke wodzichepetsa. Salimo 13 limafunsa kuti mpaka liti kanayi. Salimo 88 limathera mumdima, lopanda mawu otonthoza kumapeto, ndipo linasungidwa m'buku la mapemphero a anthu a Mulungu. Kufunsa Mulungu kuti chifukwa chiyani, uli pamaso pake, si mwano. Ndipo pamene mawu atheratu, Paulo akuti Mzimu amatipempherera ndi kubuula kosaneneka (Aroma 8:26). Mayi amene wakhala pansi m'khonde la chipatala usiku, nsalu ili kumutu, wongotha kunena kuti "Ambuye, chifundo", wapemphera pemphero lathunthu.

Chatsala ndi pamene pemphero limeneli limayesedwera, ndipo si m'tchalitchi. Pa Mateyu 18 Yesu anafotokoza za kapolo amene anali ndi ngongole ya matalente 10,000 kwa mfumu. Talente imodzi inali ngati madinari 6,000, ndipo dinari imodzi inali malipiro a waganyu pa tsiku. Ngongoleyo inali malipiro a masiku 60 miliyoni. Chimene kapoloyo ananena n'chofunika kuchimvetsera: sanapemphe kukhululukidwa, anati bandilezerani mtima, ndibweza zonse. Ankaganizabe kuti angathe. Mfumu inamukhululukira ngongole yonse, koma iye anatuluka asanamvetse chimene chamuchitikira, ndipo atakumana ndi mnzake wa ngongole ya madinari 100 anamugwira pakhosi. Mnzakeyo anachonderera ndi mawu pafupifupi omwewo amene iye anangowanena, koma sanawazindikire. Munthu amene mumtima mwake amakhulupirira kuti Mulungu amamukomera mtima chifukwa cha khama lake amakhala wouma kwa anthu ena, chifukwa amati nawonso alimbike monga ine.

Madinari 100 si ndalama zochepa, ndi malipiro a miyezi yoposa itatu. Yesu sakunena kuti zimene anthu anatilakwira n'zachabe. M'bale amene analanda munda wa masiye, mnzako amene anathawa ndi ndalama za banki m'khonde, mwamuna amene anapita ku Joni n'kuiwala ana, onsewa analakwadi. Kukhululuka sikuletsa kuti munda ubwezedwe kapena kuti mlandu upite kwa amfumu, ndipo sikukakamiza munthu kubwerera kumene angavulazidwenso. Chimene kumaletsa n'kugwira pakhosi: kusunga mkwiyo ngati chuma, kufunira munthuyo zoipa, kupemphera kuti moto umugwere. Nthawi zina kukhululuka kumatenga zaka, ndipo munthu amayamba ndi kupempha kuti Mulungu amupatse mtima wofuna kukhululuka, chifukwa pakali pano alibe. Limenelonso ndi pempho la chifundo.

Ndipo ngati wolakwa ndiwe, Yesu anaika dongosolo lake pa Mateyu 5:23-24. Ukafika paguwa ndi chopereka n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye choperekacho pomwepo, upite ukayanjane naye, kenako ubwere udzapereke. Pamene wolakwiridwayo anamwalira, zobwezazo zikhoza kupita kwa ana ake. Pamene kupita wekha kungabutse mkangano wina, pamafunika kutenga mkulu wa mpingo kapena nkhoswe kuti akutsogolere, monga timachitira pa milandu ina yonse ya pachibale.